Nkhuyu Yopanda Nyerere Musaigule

M'chaka cha 2024 kampani ya Meta, eni ake a Instagram, inayamba kumata kachizindikiro pa zithunzi zimene zikuoneka kuti zapangidwa ndi makina a AI, osati kujambulidwa ndi kamera. Pasanapite nthawi, akatswiri ojambula anayamba kudandaula kuti kachizindikiroko kakugwera ngakhale zithunzi zawo zenizeni zimene anangozikonza pang'ono, moti mu Julaye chaka chomwecho kampaniyo inafewetsa mawu a kachizindikiroko. Choseketsa n'chakuti makina a ndalama zankhaninkhani angofika kumene pamene agogo anafika kalekale ali pamphasa: chosalala kunja chifunseni za m'kati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe ine ndikuti kwa munthu wa bizinesi yaing'ono amene amatsatsa malonda pa Instagram, mwambiwu waima chadodolido. Nyerere si zobisanso. Ndizo umboni wokhawo umene wamutsalira.

Instagram inabadwa ili munda wa mikuyu. Pamene Kevin Systrom ndi Mike Krieger ankaitulutsa mu Okutobala 2010, chimene chinakopa anthu chinali mafiluta, timitundu topaka pamwamba pa chithunzi cha foni yofooka kuti chioneke ngati cha katswiri. Mu 2012 Facebook inaigula pa madola 1 biliyoni ili ndi antchito 13 okha, ndipo pofika 2025 anthu oigwiritsa ntchito pamwezi anakwana 3 biliyoni. Koma m'zaka zoyambazo kukongola kunali ndi mtengo. Chithunzi chabwino cha keke chinkafuna keke, kuwala kwa dzuwa ndi munthu wodekha, choncho chinkanenako zoona zina za wophikayo. Lero chimangofuna bandulo ndi chiganizo chimodzi cholembera makina. Kukongola kwatchipa kuposa tomato wa pa nthawi yokolola, ndipo chinthu chimene aliyense angatole pansi sichingakhale umboni wa luso.

Taganizirani mayi wophika makeke pakhomo pake, kaya ku Chilomoni kaya ku Area 25. Amene akupikisana naye alibe uvuni, alibe ufa, mwinanso dzira sanaswepo chibadwire, koma patsamba pake pali keke ya nsanjika zisanu ndi ziwiri, maluwa akuyoyoka ngati mathithi, itakhala pa tebulo limene palibe kalipentala anakhomapo. Mtengo wake? Bwerani ku inbox. Mukatumiza ndalama ya chikole pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nambala yake imayamba kusapezeka. Tsono onani zimene mayi wathu woona mtima amachita poona zimenezi. Amachotsa beseni, amakankhira mbaula kuseri kwa chitseko, amabwereka katani yoyera kwa aneba, amaika mwana pakhomo kuti aziingitsa nkhuku, kenaka amapaka filuta mpaka keke yake yeniyeni itafanana ndi keke yabodza ija. Nayenso amalemba kuti mtengo ku inbox, poti ndi mmene amalembera anzake. Watha maola awiri ndi theka la bandulo kuti aoneke ngati wakuba. Wogula, amene analumidwapo kale, amayang'ana masamba awiriwo, osaona kusiyana, n'kupita kukagula masikono pagolosale.

Chimene mwambi uja sunatiuze n'chakuti nyerere si zitsiru. Sizipita pa nkhuyu ya pulasitiki, zimalondola pamene pali shuga. Ndiponso akatswiri a zomera amati tizilombo tambiri timene timapezeka m'kati mwa nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono timene timalowa pa kabowo ka kunsonga n'kubereketsa maluwa obisika m'katimo, ndipo popanda ito mkuyu subala mbewu zomera. Zimene tinkanyansidwa nazo ndizo zinkagwira ntchito. Mayi uja aonetse zake: manja oyera ndi ufa, keke itadulidwa kuti m'kati muoneke, tsiku limene magetsi anazima n'kuphikira pa makala, wakabaza akuyenda ngati wanyamula mkwatibwi poopa kuti kirimu angakhudze katoni. Alembe mtengo poyera. Kasitomala akadandaula pansi pa chithunzi kuti keke inafika mochedwa, asafufute. Ayankhe mwaulemu pomwepo, anthu onse akuona, chifukwa tsamba la zaka zitatu lopanda dandaulo ngakhale limodzi ndi la mngelo kapena la tsotsi, ndipo angelo saphika makeke.

Wina anena kuti maso ndiwo amayamba kudya, ndipo chithunzi chosakongola palibe amene angachiimire. Akunena zoona, makamaka poti kuyambira 2016 Instagram siionetsanso zithunzi motsata nthawi imene zaikidwa, koma imasankha zimene ikuganiza kuti zikugwirani maso. Sindikunena kuti mayiyo ajambule keke ili pambali pa mbale zosatsuka, kapena kuti nyerere zenizeni zikhale zikuguba pa kirimu. Kusesa pabwalo alendo akamabwera si bodza, ndi ulemu. Bodza ndi kulandirira alendo pabwalo la eni ake n'kumati ndi panu. Apukute kamera ya foni, ajambule m'mawa pafupi ndi windo, koma chimene chili pachithunzi chikhale chomwecho chimene chidzatsike pa kabaza Loweruka.

Wina wochenjera koposa anena kuti akuba nawonso aphunzira. Makina amene amapanga keke yosalala angapangenso keke yopendekeka pang'ono, ufa pa tebulo ndi nkhuku kumbuyo. Apa ndiye pofunika kuziyang'anitsitsa nyerere. Nyerere imodzi ikhoza kukhala yongoikidwa, koma nyerere zenizeni zimayenda pamzere, ndipo mzerewo ukautsatira umakufikitsa kudzenje kwawo. Mzere wa mayi uja ndi makasitomala amene aika zithunzi za maphwando awo n'kumutchula dzina, nkhope imodzimodzi ndi khitchini imodzimodzi chaka ndi chaka, nambala ya foni imene sinasinthe, dzina lotuluka potumiza ndalama lofanana ndi la patsamba, ndi geti limene munthu angagogodepo. Wakuba angapeke chithunzi m'mphindi imodzi, koma sangapirire zaka zitatu pamalo amodzi, chifukwa ntchito yake imafuna kusamuka.

Pamenepa nthabwala imatha. Kampani yaikulu ingagule zithunzi zokongola kuposa za mayi uja tsiku lililonse, ndipo wakuba angazipeze ulere. Chimene onse awiriwo sangagule ndi kudziwika kwa munthu mmodzi amene akalakwitsa keke ya ukwati adzakumana ndi amake a mkwatibwi kutchalitchi Lamulungu. Chuma chimenecho mayiyu ali nacho kale, koma akuchikwirira ndi filuta. Agogo ankalangiza wodya kuti ayambe waing'amba nkhuyu asanaiponye m'kamwa. Wogulitsa wanzeru asadikire zimenezo. Aing'ambe yekha, aionetse ku kamera, nyerere zikuthawa chothawa, kenaka atchule mtengo.