Anamutenga ndi boma, nanga womubweza ndani?

Pali chinthu chimene chikundizunguza mutu, ndipo ndikukayika ngati inu munauzidwapo. Boma la Australia limalemba usilikali mnyamata kapena mtsikana ngakhale wa zaka 17. Ngati walowa gulu la asilikali a pamtunda, amapita naye ku Kapooka, pafupi ndi tauni ya Wagga Wagga, kumene kwa zaka zambiri maphunziro oyamba ankatenga masiku 80. Amamupatsa jombo ndi yunifolomu, amamuphunzitsa kuyala bedi, kuguba, kumasula mfuti ndi kuimanganso, kumvera lamulo asanafunse chifukwa chake. Ntchito yonseyi boma limagwira lokha, ndi alangizi ake ndi ndalama zake. Sindinamvepo bungwe lachifundo likulemba kalata yopempha thandizo kuti liphunzitse anyamata kuwombera. Koma mnyamata uja akavula yunifolomu, boma lomwelo limalengeza kuti pali kathumba ka ndalama, mabungwe amene akufuna kumuthandiza kuzolowera moyo wa kumudzi alembe makalata, apikisane. Kodi polowa pamafunika boma, potuluka pamafunika mpikisano?

Kathumbako kanayamba mu 2017 ndi dzina loti Supporting Younger Veterans, ndipo kanali m'manja mwa unduna woona za asilikali opuma, umene kumeneko amangoutchula kuti DVA. Cholinga chake chinali chabwino, sindikutsutsa: kuthandiza asilikali achinyamata amene asiya ntchito kuti apeze pogwira. Nditamva za achinyamata ndinaganiza kuti akunena za zaka zobadwa. Ayi ndithu. Wachinyamata ndi amene anagwira usilikali kuyambira 1999, chaka chimene asilikali a Australia anapita ku East Timor. Ndiye kuti bambo amene anapita ku East Timor ali ndi zaka 30, lero wadutsa zaka 50, mwina ali ndi zidzukulu, koma pa pepala adakali mnyamata. Ife kuno tikamva za msilikali wopuma timaona agogo a KAR atavala mamendulo mu Novembala ku Zomba, ndiye mwina n'chifukwa chake mutu wanga ukuvuta. Komabe, vuto la bambo wa zaka 55 ndi la mtsikana wa zaka 22 amene watulutsidwa chaka chatha, ndi limodzi?

Tsono ndalamazo ndi zingati? Zinkakhala pafupifupi madola a ku Australia 1 miliyoni pa chaka. Ndi ndalama zambiri, ine sindinazigwirepo. Koma chaka chilichonse anthu pakati pa 5,000 ndi 6,000 amatuluka usilikali m'dzikomo. Ndinatenga pensulo n'kugawa, ndipo aliyense sakufika ngakhale madola 200. Apo ndiye sitinawerenge amene anatuluka dzana ndi dzanadzana, kubwerera m'mbuyo mpaka 1999. Mu 2018 boma lomwelo linalengeza madola pafupifupi 500 miliyoni okuzira nyumba ya chikumbutso cha nkhondo ku Canberra, kuti nkhani za asilikali a ku Afghanistan ndi Iraq zipeze malo okwanira. Sindikunena kuti chikumbutso n'choipa. Ndikungofunsa monga munthu amene masamu anamuvuta kusukulu: zikutheka bwanji kuti kukumbukira msilikali kukhale kodula kuwirikiza ka 500 kuposa kumulandira?

Akatswiri andiyankha, ndikudziwa. Anena kuti kathumbako ndi kachidutswa chabe, kuti DVA imawononga mabiliyoni chaka chilichonse pa penshoni, chipukutamisozi ndi zipatala. N'zoona. Anenanso kuti aliyense amene anagwira usilikali wa tsiku ndi tsiku, ngakhale tsiku limodzi lokha, amalandira thandizo laulere pa matenda a maganizo popanda kufunsidwa ngati matendawo anawatenga ku usilikali. N'zoonanso, ndipo n'zoyamikika. Pali bungwe la boma la uphungu lotchedwa Open Arms, limene linayamba mu 1982 chifukwa cha asilikali obwera ku Vietnam. Pali ofesi imene anatsegula mu 2020 yoyang'anira za kutuluka usilikali. Pali misonkhano yophunzitsa kulemba kalata yofunsira ntchito. Chabwino. Ngati zonsezi zilipo ndipo zikuyenda, kathumba ka mpikisano kaja n'ka chiyani? Ngati sizikuyenda, miliyoni imodzi ikonza chiyani?

Chinanso chimene sindinkadziwa n'choti ndalamazo sizipita m'thumba mwa msilikali. Zimapita ku mabungwe. Bungwe limalemba ndondomeko, limafotokoza chimene lidzachite, anthu angati lidzawafikire, lidzadziwa bwanji kuti zatheka, kenako limadikira. Likapambana limagwira ntchito ya nyengo imene anagwirizana, n'kulemba lipoti, n'kuyambanso kupempha. Mabungwe otere ku Australia alipo ambirimbiri: RSL imene inayamba mu 1916, Soldier On imene inayamba mu 2012, Mates4Mates, ndi ena ang'onoang'ono a m'matauni. Ena ali ndi maofesi ndi anthu olembedwa ntchito yongolemba makalata opempha ndalama. Ena ndi anthu atatu okumana m'galaja Loweruka. Kodi amene amapambana ndi wodziwa kukhala pansi ndi mnyamata wosagona tulo, kapena wodziwa kudzaza fomu? Nanga ndalama zikatha mu Juni, mnyamata uja amauzidwa kuti achire pofika Juni?

Tiyeni timuone mnyamatayo pafupi. Tinene kuti analowa ali ndi zaka 18 ndipo watuluka ali ndi 25. Zaka zonsezo sanasakepo dokotala, chifukwa dokotala anali wa kukampu. Nyumba ankamupezera kapena kumuthandiza lendi. Nthawi yodzuka, chovala, kokhala chaka chamawa, zonse wina ankamuuza. Anzake anali omwewo ogona nawo, odya nawo, othamanga nawo. Tsiku lotuluka amabweza chiphaso cholowera pageti, ndipo mawa lake pageti pomwepo sangalowe popanda womuperekeza. Lolemba ali pampando pamaso pa bwana wa kampani, wavala shati yosita bwino kuposa ya bwanayo, wafika nthawi isanakwane. Bwana akufunsa kuti, kodi muli ndi luso lanji? Iye akudziwa kutsogolera anthu asanu ndi atatu usiku m'dera la mabomba okwirira, akudziwa kumanga mwendo wotuluka magazi. Pa fomu palibe bokosi la zimenezo. Bwana akumwetulira, akumuthokoza chifukwa chotumikira dziko, akuti tikuimbirani. Kodi luso limene boma linawonongerapo ndalama zankhaninkhani limasungunuka pageti? Kapena ndi fomu imene ili yoperewera?

Kwathu kuno ukabwereka khasu kwa mnansi umalibweza wekha, utalichotsa dothi, ndipo likaguluka mpini umayamba wakonza. Sutuma ana a m'mudzi kuti apikisane wokabweza. Mwina khasu ndi munthu n'zosiyana, akatswiri andikonza. Koma n'chiti mwa ziwirizi chimene chimafuna kusamala kwambiri pobweza?

Pano ndiye nkhani imalemera. Ku Afghanistan, pa zaka pafupifupi 20, asilikali a Australia amene anafa anali 41, ndipo mayina awo ali pa khoma ku Canberra. Koma pakati pa 1997 ndi 2021, asilikali ndi asilikali opuma osachepera 1,677 anadzipha. Ndinawerenga nambalayo kawiri poganiza kuti maso andinamiza. Ofufuza anapeza kuti ngozi imakula munthu akatuluka, makamaka amene watulutsidwa asakufuna chifukwa cha kuvulala kapena matenda, ndi amene anakhalamo nthawi yochepa. Akazi amene anali asilikali amadzipha mowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi akazi ena a m'dzikomo. Ine ndinkaganiza kuti malo oopsa kwa msilikali ndi kunkhondo, ndipo ndikhulupirira inunso munkaganiza choncho. Ndiye tinene kuti malo oopsa ndi kunyumba? Ngati ndi choncho, bwanji zida zonse, maphunziro onse ndi ndalama zochuluka zimapita kokonzekera kunkhondo?

Ndinkaganizanso kuti chimene chimawapweteka ndi zimene anaona kunkhondo basi. Komiti yaikulu yofufuza, ya mtundu umene kumeneko amati Royal Commission, inakhazikitsidwa mu 2021 motsogozedwa ndi Nick Kaldas, mabanja a omwalira atalimbana ndi boma kwa zaka kuti ikhalepo. Inalandira maumboni olembedwa oposa 5,000. Anthu anafotokoza za nkhondo, inde, komanso za kuzunzidwa ndi anzawo m'kampu, za kugwiriridwa, za kusamutsidwasamutsidwa, za kuvulala pa maphunziro n'kuopa kunena kuopera kutulutsidwa. Ambiri anafotokoza za unduna womwewo umene unayenera kuwathandiza. Mu 2022 madandaulo opempha chipukutamisozi oposa 40,000 anali ataunjikana osayang'anidwa. Malamulo a chipukutamisozi anali atatu, la 1986, la 1988 ndi la 2004, ndipo munthu mmodzi ankatha kugwera m'malamulo onse atatu malinga ndi chaka ndi malo amene anavulalira. Kuti umvetse lako unkafunika womasulira. Munthu amene mutu ukumuvuta kale, ndi amene mukumupatsa malamulo atatu kuti asankhe?

Nkhani ina inamveka dziko lonse mu 2017, chaka chomwe kathumba kathu kanayamba. Msilikali wopuma wa zaka 32, amene anamenya nkhondo ku Afghanistan, anadzipha ku Melbourne patangotha milungu yochepa pempho lake la chipukutamisozi cha kulumala kosatha litakanidwa. Undunawo unali utavomereza kuti akudwala ndipo matenda ake anachokera ku usilikali. Chimene chinavuta n'choti sizinatsimikizike kuti matendawo akhazikika ndipo sadzasinthanso. Mu akaunti yake munatsala madola 5 ndi masenti 20. Ine si dokotala, ndiye ndifunse mwaulemu: matenda a maganizo amakhazikika liti? Munthu adikire kuti asachire kuti athandizidwe? Pamene akudikirapo adye chiyani?

Apa ndiye ndimasokonezeka kwenikweni. Dzanja lamanja la boma limachedwetsa fayilo ya mnyamata miyezi ndi miyezi. Dzanja lamanzere limapereka ndalama kwa bungwe kuti lipite naye kunyanja kukapalasa bwato, kapena limupatse galu womuperekeza, kapena limuphunzitse ukalipentala, kuti mtima ukhale pansi. Zinthu zimenezi zimathandiza, eni ake amanena okha, ndipo munthu amene wakhala miyezi osatuluka m'nyumba akapeza anzake Lachitatu lililonse si nkhani yochepa. Palinso ndalama zina zimene boma limapereka kwa mabungwe kuti akhale ndi anthu othandiza asilikali kudzaza mafomu a boma lomwelo. Ndiye boma likulipira anthu kuti athandize msilikali kulimbana ndi boma? Sikukanakhala kotchipa kungofewetsa fomuyo?

Komiti ija isanakhale, panali patachitika kale kafukufuku maulendo oposa 50 pa nkhani zomwezi, ndi malangizo oposa 750. Sindinalakwitse kulemba, 750. Komitiyo inatulutsa lipoti lake lomaliza mu Seputembala 2024 ndi malangizo ena 122, ndipo limodzi mwa iwo linali loti pakhale bungwe lapadera loyang'anira za kutuluka usilikali ndi umoyo wa otulukawo. Zaka zoposa 100 zapitazo, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, Australia inagawira asilikali ake minda kuti akhale alimi, ndipo ambiri anaisiya chifukwa minda inali yaing'ono kapena youma, ngongole zili m'khosi, ena asanagwirepo pulawo. Ndiye funsoli si la dzulo. Akatswiri akhala akuliyankha kuyambira nthawi ya agogo a agogo athu. Kodi yankho limasowa, kapena limapezeka kenako n'kuikidwa m'kabati? Amene amawerenga malipoti onsewa alipo, kapena aliyense amangolemba lake?

Kunena chilungamo, zina zasintha. Mulu wa mafayilo uja unachepa boma litalemba antchito ambiri, zomwe zikundipatsa funso lina loti bwanji sanawalembe kale. Malamulo atatu aja anawaphatikiza kuti madandaulo atsopano aziyendera lamulo limodzi kuyambira Julayi 2026. Kathumba ka achinyamata kaja anakaphatikiza ndi kena n'kukapatsa dzina latsopano. Ndipo mu Disembala 2024 boma linavomereza, kwathunthu kapena pa mfundo yake, malangizo 104 mwa 122 aja. Ena linati liwaganizirabe. Limodzi lokha ndi limene silinagwirizane nalo. Ndinafuna kudziwa kuti ndi liti, poganiza kuti mwina linali lopempha zosatheka. Linali loti chipukutamisozi cha kulumala chisamasiyane pakati pa wovulalira kunkhondo ndi wovulalira pa ntchito ya usilikali ya nthawi ya mtendere. Monga zilili, anyamata awiri a msinkhu umodzi, ovala yunifolomu imodzi, omvera lamulo la bwana mmodzi, wina akathyoka bondo kunkhondo ku Uruzgan ndipo wina akathyoka bondo pa maphunziro ku Queensland, akhoza kulandira ndalama zosiyana. Onse atulutsidwa chifukwa cha bondolo. Onse akutsimphina pokwera basi. Onse akafunsidwa ndi bwana wa kampani ngati angathe kuima tsiku lonse. Kodi bondo limadziwa kumene linathyokera?