Kuyenda Awiri Si Mantha, Nanga Khumi ndi Anayi?

Pa 1 Januwale 2024 a Kenya Railways anakweza mtengo wa tikiti ya Madaraka Express, sitima ija imathamanga pakati pa Nairobi ndi Mombasa. Mpando wa anthu wamba unachoka pa mashilingi 1,000 n'kufika pa 1,500, wa mabwana unachoka pa 3,000 n'kufika pa 4,500. Woyenda yekha anangotsonya n'kulipira. Koma taganizirani bambo wa ku Buruburu amene Disembala aliyense amatenga mkazi ndi ana atatu kukaona nyanja yamchere. Wa zaka 13 amalipira ngati wamkulu, wa zaka 9 amalipira theka, wa zaka 2 amakwera ulere pamiyendo pa amake. Kupita ndi kubwera kale inali 7,000, tsopano ndi 10,500, asanagule ngakhale botolo la madzi. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, ndipo m'nthawi yawo ankanena zoona, pakuti m'njira munali mikango ndi achifwamba, ndipo wina akalasidwa ndi minga mnzake ankamuzula. Koma iwo ankayenda wapansi, ndipo phazi silidula tikiti. Masiku ano munthu akamva kuti "tipitire limodzi" mtima umagunda kuposa akamva fisi kulira.

Buruburu ndi malo abwino oonerapo vutoli. Nyumba zake zinamangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kum'mawa kwa Nairobi, m'magawo asanu, ndi thandizo la Commonwealth Development Corporation, kuti anthu apantchito azigula n'kumalipira pang'onopang'ono. Zinali nyumba zofanana, madenga a matailosi ofanana, ndipo eni ake malipiro awo sankasiyana kwenikweni. Ana amene anakulira m'mabwalo amenewo, n'kumakwera limodzi maminibasi a nambala 58 nyimbo zikugwedeza mipando, lero ndi akuluakulu, koma matumba awo anapatukana kalekale. Wina ali ku banki, wina amagulitsa zovala zakaunjika, wina akadali m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya makolo kudikira kuti ntchito imupeze. Onsewa amakondana, onsewa akufuna kukasamba kunyanja ku Diani, ndipo palibe amene akufuna kuyamba kutchula ndalama.

Tiyerekeze ulendo wawo. Umayamba mu Ogasiti ndi gulupu ya pa WhatsApp, anthu khumi ndi anayi, chithunzi cha mgwalangwa ndi mchenga woyera. Sabata yoyamba mauthenga amagwa ngati mvula ya Januwale: uyu akufuna nyumba yokhala ndi dziwe losambira, uyo akuti tisaiwale wophika, mlamu wina amene sanakwereko bwato akufunsa za kukaona nsomba pansi pa nyanja. Kenaka mlongo mmodzi waulemu, amene kwawo amadziwika kuti sataya lisiti, amasankhidwa kukhala msungichuma popanda chisankho. Iye amalemba kuti aliyense atumize gawo loyamba pa M-Pesa mwezi usanathe, ndipo pamenepo gulupu imagwidwa ndi matenda achilendo. Mafoni amayamba kuthima. Netiweki imasowa pakati pa Nairobi. Amene ankafuna dziwe losambira amawerenga uthenga, timizere tiwiri n'kusanduka tabuluu, koma chala chake chimauma. Pofika Okutobala atumiza ndi asanu, Novembala asanu ndi atatu, ndipo mmodzi watumiza yoperewera ya kuchotsera, ati adzakonza tikafika. Msungichuma, poopa kuti nyumba itengedwa ndi ena ndiponso matikiti a Disembala amatha msanga, amapisa m'thumba mwake n'kulipirira onse. Tsiku lonyamuka, pa siteshoni ya Syokimau pafika anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, chifukwa achimwene abwera ndi chibwenzi, ndipo azakhali sakanasiya mdzukulu yekha. Mwana wina wa zaka 12 naye wauzidwa m'njira kuti lero ali ndi 11, kuti alipire theka.

Otsutsa adzati kuyenda pagulu n'kotchipa, ndipo theka la mawu awowo ndi loona. Pa ulendo pali ndalama zimene zimagawika ndi zimene zimachulukana. Nyumba yogona, galimoto yahayala, gasi wophikira ndi wophikayo zimapepuka anthu akachuluka. Tikiti, mimba ndi ludzu sizigawika, chilichonse chimabwera ndi mwini wake. Chimene chimasokoneza bajeti kwambiri ndi mtundu wachitatu, ndalama zopanda mwini. Sitima siyimanso pakati pa mzinda ngati yakale ija: ku Nairobi imanyamukira ku Syokimau, ku Mombasa imathera ku Miritini, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Diani mufunika galimoto ina, kaya mudzere pa pantoni ya Likoni kaya pa msewu watsopano wa Dongo Kundu. Ndani amalipira galimoto imeneyo? Amene wakhala kutsogolo. Ndani amalipira matuktuk, madzi a kokonati, ayisikilimu wa ana, ngamira ya pamchenga? Amene ali pafupi ndi wogulitsa ndipo ali ndi manyazi. Nyama yootcha ikafika patebulo aliyense amadya mofanana m'mawu, koma bilu ikagawidwa mofanana, mayi amene anamwa soda imodzi amalipirira mabotolo asanu ndi awiri a mlamu wake. Kutchipa kwa gulu kulipo ndithu, kungoti kumagwera amene amadziwa kupita kokadzithandiza nthawi yoyenera.

Ena adzati kuwerengerana ndalama pachibale ndi umbombo, kapena chizungu, pakuti chibale ndi fupa, sichiola. Koma onani anthu omwewa akakhala pa zinthu zina. Ku Kenya kuli magulu osonkherana otchedwa chama, monga kwathu kuno tili ndi chipereganyu ndi banki m'khonde, ndipo m'menemo muli buku, muli tsiku lolipira, muli chindapusa cha wochedwa. Amayi amene amapemphera limodzi amalipiritsana chindapusa chimenecho popanda kuphethira, ndipo Lamlungu amakhalabe benchi limodzi. Pa maliro timalemba dzina ndi ndalama imene munthu wapereka, nthawi zina n'kulengeza pagulu. Pa ukwati pali komiti, ndipo pa perekaniperekani ndalama imawerengedwa anthu akuona. Ndiye kuti buku la ndalama si lachilendo pakati pathu. Timangolichitira manyazi pa chisangalalo chokha, ngati kuti kusangalala n'kopanda mtengo, kapena ngati kuti kufunsa mtengo wake n'kuvomera kuti ndiwe wosauka. Fupa lija mwina siliola, koma ngongole ya mashilingi 6,000 yosatchulidwa yaletsa abale ambiri kuyankhana mafoni mpaka Pasaka.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi ichi: ngati tilemba kuti aliyense alipire gawo lake, nanga wosauka atsale? Agogo amene analera onsewa m'nyumba ya ku Buruburu ija, ndipo sanaonepo nyanja, awalipiritse ndani? Msuweni amene ntchito inamuthera azingoona zithunzi pa foni? Apa nthabwala ndiyambe ndaiika pansi. Wopeza bwino kunyamula wopanda kanthu ndiye tanthauzo lenileni la mwambi uja, ndipo bajeti yabwino siichotsa zimenezo, imangozitchula dzina. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa achimwene kunena mu Ogasiti kuti tikiti ya agogo ndi ya msuweni ili pa ine, ndi mlongo waulemu uja kuzindikira mu Januwale kuti analipirira anthu asanu amene sanam'pemphe n'komwe. Poyambapo wopereka amathokozedwa ndipo wolandira amayenda mutu uli m'mwamba, podziwa kuti ndi mlendo woitanidwa. Pachiwiripo palibe wathokoza, chifukwa palibe wavomera kuti anathandizidwa, ndipo msuweni uja amatha masiku anayi akukana chakudya, ati sindili ndi njala. Kusatchula ndalama sikuteteza wosauka. Kumateteza wapakati uja, amene akanatha kulipira koma waona kuti palibe akumuwerenga. Amene anakwerapo minibasi yahayala ya ku Salima kapena ku Mangochi pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, amamudziwa munthu ameneyu: ndi amene amanyamula sipika ndi kulamula nyimbo, koma pothira mafuta amagona tulo.

Choncho ine ndili kumbali ya msungichuma, ndipo ndikanakonda apatsidwe mphamvu za mfumu. Alembe zonse, kuyambira pa geti la ku Buruburu mpaka kubwerera pa geti lomwelo, aikepo ndi kangachepe ka zogwa mwadzidzidzi, pakuti mwana mmodzi adzatsekula m'mimba ndithu. Anene tsiku, ndipo wosatumiza pofika tsikulo asaguliridwe mpando. Zakumwa zaukali zikhale ndi thumba lakelake, eni ake azisamalira okha. Iye mwini achotseredwe pang'ono pa gawo lake, chifukwa kukumbutsa akuluakulu ngongole ndi ntchito yoyenera malipiro. Popanda zimenezi, mathero ake amadziwika. Sukulu za ku Kenya zimatsegulira chaka mu Januwale, fizi ndi yunifolomu zikudikira, lendi nayo siinapite kunyanja, ndipo mlongo wathu akugula ufa ndi Fuliza, ngongole ya pa M-Pesa imene Safaricom inayambitsa mu 2019, yomwe imabereka tsiku ndi tsiku. Amalemba pa gulupu mwaulemu kuti amene sanamalize aja akumbukire. Anthu awiri amaika chithunzi cha manja opemphera, mmodzi amatuluka. Patapita masabata atatu, mlamu wa mabotolo asanu ndi awiri uja amasintha dzina la gulupu, n'kufunsa kuti ndani akupita ku Naivasha kukaonera Safari Rally, ati tikakhala ambiri zitchipa.