Nyanga ya nsatsi yokhala ndi laisensi

Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Makolo athu analibe nthawi yokangana ndi kamwana kaliuma. Ankangothyola nsatsi, kusema, kupereka, n'kukhala pamthunzi kudikira kuti dzuwa limalize phunzirolo. Pofika madzulo nyanga yafota, mwana wachenjera, palibe wataya ngakhale metikali imodzi.

Boma ndi kholo la mtundu wina. Mwana akalirira nyanga, ilo limayamba ndi mafunso: zaka zako zingati, laisensi ili kuti, chidindo anadinda ndani? Pa Cassacatiza, pomwe msewu wochokera ku Tete umadutsa malire n'kulowera ku Katete kudzera pa Chanida, makolo otere alipo awiri, wina amalamula ali ku Maputo, wina ali ku Lusaka. Koma mwana ndi mmodzi yemweyo, Mchewa wodzuka ku Mozambique, kukagula sopo ku Zambia, n'kubwera kudzagona kwawo. Ndipo mwana wa makolo awiri saphunzitsidwa kuti uyu akakana, umakalirira kwa uyo.

Taonani nkhani ya tujilijili. Mu 2012 nduna ya ku Zambia, mayi Nkandu Luo, inaletsa mowa wam'timapaketi umene unkakwana m'thumba la yunifomu ya sukulu. Timapaketito tinasowadi, koma ludzu silinauzidwe. Mowawo unangosintha malaya n'kulowa m'timabotolo. Ku Malawi nako analetsa masacheti, ndipo ludzu la kumeneko linachita chimodzimodzi. Kuno ku Mozambique lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa aliyense wosakwana zaka 18, n'chifukwa chake pa baraka simudzapeza mwana wogula mowa. Mudzangopeza ana otumidwa ndi amalume. Amalumewo palibe anawaonapo, koma ludzu lawo n'lodziwika dera lonse. Kachasu ndiye sitikamba: amatchezedwa kuseri kwa nkhokwe, ndipo chiyambire sanapondepo mu ofesi ya laisensi.

Nanga chisoti cha njinga yamoto? Lamulo limati chivalidwe, ndipo anyamata amachivaladi, pachigongono. M'boma lonse la Chifunde mulibe chiwalo chotetezedwa kuposa chigongono cha wakabaza. Chisoticho chimakwera kumutu chikangoona yunifomu ya apolisi, n'kutsikanso pakangokhota msewu. Kumbuyo kwakhala bambo, mayi, mwana pakati, thumba la chimanga ndi mbuzi, ndipo pa onsewo womangidwa bwino ndi mbuzi yokha.

Ndiye tinene kuti makolo anapambana, boma lingosema n'kukhala pamthunzi? Tisanaombe m'manja, tione mtengo umene anasankha. Nsatsi ndi yofewa, siluma, sipsereza. Sanati mwana akalirira mphiri, mgwirire. Mwambiwu umagwira ntchito pamene wophunzira atsala ndi moyo kuti agwiritse ntchito phunzirolo, komanso pamene nyangayo ifotera iye yekha. Nyanga za lero zili ndi injini. Zikamafota zimatengera limodzi wokwera kumbuyo ndi mwana wopita kusukulu m'mbali mwa msewu.

Apa nthabwala ziyambe zaima. Pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange m'boma la Moatize, thanki ya petulo inaphulika anthu akutunga mafuta, ndipo oposa 70 anamwalira. Panalibe wosadziwa kuti petulo amayaka, ndipo lamulo loletsa linalipo kale. Koma pakhomo pamene ufa watha, chigubu chimodzi cha mafuta chimafuula kuposa malamulo onse a ku Maputo. Lamulo silichotsa njala, ndipo dzuwa la makolo lija silinapeze womuphunzitsa.

Chimene lamulo lingathe n'chochepa, koma si chabe. Silingaletse munthu kulira, koma lingabunthitse nyangayo, kuikweza mtengo, kuiika patali. Botolo limadula kuposa kapaketi, ndipo kulibisa m'thumba la kabudula mphunzitsi ali pomwepo ndi ntchito. Laisensi sisandutsa chitsiru kukhala wanzeru, koma imatsimikiza kuti tsiku lina wina anachisonyeza pamene pali buleki. Zotsalazo ndi za ife eni: mayi wokana kukwera njinga ya woledzera amagwira ntchito ya apolisi khumi, salipidwa, ndiponso sapita kutchuthi.

Choncho musamuseke kwambiri wakabaza amene amavala chisoti poopa chindapusa. Inde, akuteteza thumba, mutu wangopindulira pomwepo. Koma tsiku limene adzakumane ndi galimoto ya katundu yochokera ku Beira, kapena nkhumba yowoloka msewu popanda ziphaso, phula silidzamufunsa kuti achimwene, chisotichi munavalira nzeru kapena mantha. Tingopempha apolisi kuti azichita ngati abisala pakona iliyonse, kufikira chigongono chitazolowera kuyenda chopanda chipewa.