Chikomekome cha room divider

Akuluakulu amene anapeka mwambi woti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ankaganiza za mkamwini wotchena koma waulesi, kapena mlendo waulemu wobwera ndi thumba lopanda kanthu. Chipboard anali asanaione. Akanaiona, bwenzi atausiya mkuyu kuti upume. Nkhuyu ukaibenthula umangouzira nyererezo n'kudya ndithu, koma chipboard ikamakuonetsa za m'kati mwake umakhala utalipira kale madola a ku America, ndipo chodya palibe.

Ku Dangamvura, monganso ku Sakubva ndi ku Chikanga kuno ku Mutare, pabalaza sipakwanira popanda chikabati chija amati room divider, ngakhale kuti palibe chipinda chimene chimagawa, chimangotsamira khoma. M'menemo ndi mmene mumakhala ulemu wa banja: mbale zimene palibe anadyerapo, chithunzi cha ukwati, ndipo pakati penipeni wailesi ndi ampulifaya yake. Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Penhalonga, ku njanji ndi m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley analibe mutu woterewu. Wosunga ndalama ankagula radiogram ya Supersonic yopangidwa ku Bulawayo, imene inkabwera ili kabati kale, itaima pa miyendo yake, yongofuna kansalu koluka pamwamba basi. Ife timagula zidutswazidutswa: ampulifaya lero, masipika mwezi wamawa, chibokosi cha besi bonasi ikatuluka. Zikakwana m'pamene timakumbukira kuti zilibe pogona.

Chondiseketsa n'chakuti Mutare ndi mzinda wa matabwa. Mapiri a ku Nyanga, Stapleford ndi Chimanimani ali yangayanga ndi paini ndi bulugamu, malole a zipika amatsika Christmas Pass tsiku ndi tsiku, ndipo mayina ngati Border Timbers, Allied Timbers ndi Wattle Company mwana aliyense kuno amawadziwa. Komabe munthu wobadwira pakati pa matabwa onsewa amalowa m'sitolo m'tauni, n'kutulukamo atanyamula utuchi. Chifukwa chipboard ndi utuchi ndithu: tizibenthu ta mitengo tosakaniza ndi guluu, topanikizidwa pa moto, kenako n'kumatapo pepala lojambulidwa mizere ya mtengo. Pepalalo ndi lokongola kuposa mtengo weniweni. Mtengo umakhala ndi mfundo apa, kachilema apo, koma pepala lilibe mbiri yoipa.

Nyerere zoyamba zimatuluka ndi madzi. Amene wakhala ku Dangamvura amadziwa kuti kwa zaka zambiri madzi a kuno ankayenda ngati mfiti, usiku okhaokha, ngakhale mzindawu umamwa a mumtsinje wa Pungwe amene anthu a ku Harare amawasirira. Ndiye munthu amagona atasiya mpopi wotsegula kuti aumve ukamatsokomola. Tsiku limene tulo tapambana, mumadzuka madzi atafika pabalaza. Thabwa la paini limanyowa n'kuumanso. Chipboard imamwa, n'kufufuma, ndipo siphwanso; pepala lija limayamba kusupuka kuchokera pansi, kabati n'kupendekeka pang'ono, wailesi n'kumayang'ana kukhitchini. Ngakhale popanda chigumula, kukolopa kwa m'mawa uliwonse kumagwira ntchito yomweyo, pang'onopang'ono.

Zachiwiri zimatuluka posamuka. Wokhala nyumba ya lendi amasamuka, ndipo sikuluwu yozulidwa mu chipboard sibwereranso m'bowo mwake. Imangozungulira osagwira kanthu, ndipo pamenepo m'pamene bambo wa panyumba amayamba kutsekera mabowo ndi timitengo ta machesi.

Zachitatu ndi nyerere zenizeni, kapena ndinene azibale ake aakulu, mphemvu. Ampulifaya imatentha. Mukaitsekera m'kachipinda ka chitseko chagalasi, kumbuyo kutatsekedwa ndi kathabwa kopyapyala kopanda bowo, kutentha kumasowa kolowera. Makinawo amazima okha nyimbo ili pakati, ndipo mlandu umagwera a magetsi a ZESA amene tsiku limenelo sanalakwe. Mphemvu nazo zimakonda malo ofunda ndi amdima. Okonza mawailesi amazidziwa bwino. Akamamasula chivundikiro amayamba abwerera m'mbuyo. Kabati yabwino imasiya mpata wokwana chikhatho pamwamba pa ampulifaya, ndipo kumbuyo imakhala ndi mabowo odutsa mpweya ndi mawaya, obooledwa ndi kalipentala, osati ong'ambidwa ndi mpeni wa kukhitchini Loweruka madzulo alendo ali m'njira.

Ndiye pali nkhani ya besi. Kuno kulibe nyumba imene sinayesedwepo ndi gitala ya Alick Macheso, mwana wa kwathu yemwe uja amene Chichewa chimamveka m'nyimbo zake zina. Ikani sipika m'kabati momwe muli matambula ndi mbale za ukwati, kenako mukweze voliyumu: mudzamva bandi ya Macheso, Orchestra Mberikwazvo, yawonjezera oimba ena amene sanaphunzire nyimboyo. Magalasi amanjenjemera, zitseko zimagogoda, ndipo kagalu kadothi kamayenda kokha mpaka m'mphepete mwa shelefu. Sipika malo ake ndi pansi kapena pa choikapo chakechake, motalikirana ndi inzake. Koma kanene zimenezi kwa mayi a panyumba, amene anayeza kale kuti pakona pamenepo pakhala maluwa apulasitiki.

Wochenjera amapita ku Green Market ku Sakubva kukapangitsa kwa kalipentala. Kumeneko nkhuyu zilikonso, musanamizidwe. Paini wosauma bwino amapindika pakapita miyezi, zitseko n'kuyamba kukanirana. Paini yemweyo akampaka vanishi wofiirira amasanduka mukwa, mlombwa wathu uja, mpaka tsiku limene mwana adzamukande ndi supuni. Mukafunsa kuti, "Madala, thabwali ndi louma?" yankho lake ndi limodzi dziko lonse lapansi: "Achimwene, louma gwa, ngakhale mawa mudzatenge." Musamvere pakamwa. Gwadani, suzumirani kunsi kwa shelefu kumene burashi sinafike, dinani ndi chikhadabo: paini amalowa, mlombwa amakana. Nyamulani mbali imodzi mumve kulemera. Funsani ngati wagwiritsa ntchito misomali yokha kapena walumikiza thabwa m'thabwa. Kalipentala weniweni amasangalala ndi mafunso otere. Wachinyengo amayamba kukufunsani za kumudzi.

Mlombwa ndiye mfumu ya zonsezi. Chiswe chimaulambalala, supindika wamba ukauma, ndipo ndi mtengo womwewo umene osema mbira amaukonda, choncho nyimbo si zachilendo kwa iwo. Vuto ndi lakuti kabati yake ikhoza kudula kuposa wailesi imene mukufuna kusungamo. Ndipo pano m'pamene mwambi uja umatembenukira mwini wake: masipika amene mukuwamangira nyumba ya mlombwawo, mukawatsegula, ambiri ndi utuchi wopanikiza womwewo, wovekedwa pulasitiki yakuda. Opanga amachita dala, chifukwa bolodi lotere silirira lokha ngati ng'oma, limasiya sipika kuti ilankhule. Utuchi tsono si mdani. Mdani ndi utuchi wodzitcha mlombwa, woimikidwa pa simenti yonyowa, wosenzetsedwa ampulifaya yolemera pa shelefu yaitali yopanda chochirikiza pakati.

Alamu anga ena anamva uphungu wonsewu n'kuutsatira mpaka kumapeto. Anapangitsa kabati ya mlombwa, ya miyendo yotalika kuti madzi azidutsa pansi, ya mabowo osalala kumbuyo, ndipo anyamata anayi anatuluka thukuta poilowetsa pakhomo. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, nanga wailesi ili kuti?" Anati anagulitsa kuti amalize kulipira kalipentala. Pakadali pano nyimbo akumvera pa foni.