Muvi woyang'anira masiku ano uli ndi kanema wake

Akuluakulu adati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Ankanena muvi wabango, woponyedwa ndi munthu amene ukumuona ali tsidya la dambo, ndipo langizo lake linali lachidule: ukauona ukubwera, werama. Sadalote kuti kudzabwera muvi wautali ngati mabasi awiri, ndi anthu ophunzira bwino olandira malipiro mwezi ndi mwezi pa ntchito yongouyang'anira, kenako ukagwera m'nyanja n'kuyamba kukangana ngati walasa kapena waphonya.

Mkangano wotere ine ndidauyambira kudambo, legeni ili m'khosi. Tinali ndi mnzathu amene sankaphonya njiwa, kunena kwake. Mwala ukadutsa patali, njiwa n'kuuluka yathanzi, iye ankati, "Ndaipeza iyo, yapita ndi bala, ikafera kutsogolo." Tikati umboni uli kuti, ankawerama pansi pa mtengo n'kutola nthenga. Tsiku lina nthengayo inali ya nkhuku, yofiira. Tidakangana mpaka dzuwa kulowa, ena akuti ilipo njiwa yofiira, ndipo madzulo ake tonse tidadyera nkhwani.

Pa 24 Malichi 2022 dziko la North Korea lidaponya mzinga. M'mawa mwake lidalengeza kuti unali Hwasong-17, chimzinga chatsopano chotha kuwoloka nyanja zikuluzikulu, kuti udakwera makilomita 6,248 m'mwamba, udatha mphindi 67 uli m'malere, n'kugwera m'nyanja pa mtunda wa makilomita 1,090. Lidatulutsanso kanema. Mtsogoleri wa dzikolo, Kim Jong Un, akutuluka m'chinyumba chosungira mzingawo pang'onopang'ono ngati mkwati, atavala jekete lachikopa ndi magalasi akuda, akuyang'ana wotchi, akuvula magalasi, akugwedeza mutu. Wojambula adaigwira ntchito, tisamunamizire.

Oyang'anira aja adakhala pansi n'kuyamba kuiona nthengayo. Choyamba chimene adapeza ndi mthunzi. Mzinga wa pa 24 udanyamuka masana dzuwa litapendeka, koma zithunzithunzi za m'kanema zinkaloza ngati kuli m'mawa. Tsono masiku 8 m'mbuyo mwake, pa 16 Malichi, mzinga wina udanyamuka m'mawa pabwalo la ndege la Sunan n'kuphulika usadafike makilomita 20, pamwamba pa Pyongyang penipeni, ndipo wailesi ya boma sidanenepo kanthu. Asilikali a South Korea adati nkhani ndi yomweyo: Hwasong-17 ndi uja adaphulika, ndipo pa 24 anzathuwa adangotulutsa Hwasong-15 wakale wa 2017 n'kumuveka kanema wa mnzake. Boma la Japan lidaumirira kuti ayi, udali mtundu watsopano. Akuluakulu a mayunifomu, okhala ndi rada ndi masetilaiti, akuyeza mthunzi ngati agogo akufuna kudziwa nthawi yotsekulira mbuzi.

Chimene chimautsa mkanganowu n'chakuti mizinga imeneyi saiponya chogona. Akadatero bwenzi itadutsa pamwamba pa madenga a eni ake n'kukagwera pakati pa Pacific. Ndiye amaiponya chilili, kuloza kumwamba, ikwere kuposa kakhumi ndi kasanu pamene pamayandama International Space Station, kenako itsike chapafupi. Otsalawo ndi masamu: ukadaugoneka ukadafika kuti? Za Hwasong-17 amene adaulukadi pa 18 Novembala 2022, tsiku limene Kim adatulukira koyamba pagulu ndi mwana wake wamkazi, a ku Japan adati atha kupitirira makilomita 15,000. Zili ngati munthu waponya mwala m'mwamba pabwalo la mpira, n'kukuuza kuti akadafuna akadaswa galasi la nyumba ya apongozi ako kutsidya la mtsinje. Ungatsutse bwanji? Ungavomere bwanji?

Ndipo kukwera n'kosavuta kusiyana ndi kutsika. Mutu wa mzinga ukamabwerera mumpweya umatentha koopsa, moti wosapangidwa bwino umanyenyeka usadafike pansi. Usiku wa pa 28 Julaye 2017 kamera ya wailesi ya kanema ya NHK ku Muroran, pachilumba cha Hokkaido, idajambula kadontho kowala kakutsika, kakuthetheka, n'kuzima. Kadontho ka masekondi ochepa kameneko kadadyetsa akatswiri miyezi. Awa akuti mutu udasweka, awa akuti udangobisika ndi mtambo kapena phiri. Mwini muvi ali phee, akumvetsera. Ndimaganiza kuti palibe mlenje wina padziko amene adani ake amamuuza mwaulere, pa wailesi, pamene uta wake wapindika.

Musaganize kuti njiwa yokafera kutsogolo ndi ya ku Pyongyang kokha; anyani sasekana zikundu. Mu Januwale 2024 sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi ya Britain, HMS Vanguard, idayesa mzinga wa Trident kufupi ndi Florida, nduna ya zachitetezo Grant Shapps ali momwemo. Mzinga udatuluka m'madzi n'kugwera chapomwepo, phava! Boma lidati padangochitika kachilendo kokhudza tsiku lokhalo, ndipo kuyesako kwatsimikiza kuti zida zili bwino. Ulendo wam'mbuyo mwake, mu 2016, mzinga udasochera njira. Ku Russia, mu Sepitembala 2024, masetilaiti adajambula chidzenje cha mamita pafupifupi 60 ku Plesetsk, pamalo poponyera mzinga wa Sarmat. Kumeneko ngakhale nthenga ya nkhuku sadatole.

Apa mpamene mwambi uja wandisokoneza. Makolo ankaona kulowa m'maso ngati ngozi yogwera munthu waulesi. Mivi ya masiku ano imasulidwira maso omwewo. Palibe amene akufuna kuti ilase munthu, pakuti tsiku lomwe udzalase umodzi sipadzatsala wolemba lipoti. Ntchito yake ndi yakuti mdani auone, auyeze, asowe tulo, aitanitse msonkhano ku New York. Pa muyeso umenewo, mzinga wa pa 24 Malichi udalasa, kaya unali 15 kaya 17: udalowa m'maso mwa dziko lonse, ndi jekete lachikopa lomwe. Wa ku Britain uja ndiye adaphonya kawiri, chifukwa eni ake adafuna kuti tisauone, ndipo nyuzipepala itaulula patapita milungu itatu tidauona ndithu.

Komabe ndisapeputse akuluakulu. Mnzathu wa legeni uja, chifukwa choponya tsiku ndi tsiku ife tikuseka, adafika pomagwetsadi njiwa, ndipo tidasiya kumufunsa za nthenga. Mzinga woyamba wa mtundu uwu ku North Korea, pa 4 Julaye 2017, udakhala m'malere mphindi 39, a ku Russia n'kunena kuti ndi kamzinga wamba ka mtunda wapakati. Wa pa 31 Okutobala 2024, Hwasong-19, udakhala mphindi 86 n'kukwera makilomita opitirira 7,000. Za mthunzi palibe adafunsa.