Wakwata kwa Mphenzi Aweramire Kuchigwa

Makolo amene anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima sanapondepo chipale chofewa, komatu ntchito yophunzitsa ski ku St. Anton, m'dziko la Austria, akanaipeza mosavuta. Kumeneko n'kumene Hannes Schneider anatsegula sukulu ya masewerawa mu 1921, ndipo mpaka lero aphunzitsi a m'mapiri a Alps amakuwa chinthu chimodzimodzi, aliyense m'chinenero chake: weramira kutsogolo! Vuto ndi lakuti kutsogoloko n'kumene kuli chigwa.

Taganizirani bambo wamkulu ndi ndevu zake. Tikiti wagula yekha, jombo wabwereka yekha, mphunzitsi wamulipira, matabwa awiri am'mangirira kumapazi iye akumwetulira. Ukwatiwu sanamukakamize munthu. Koma mtsetse ukangong'anima pang'ono, matabwa n'kuyamba kuyenda, thupi limathawira m'mbuyo, matako n'kumafunafuna mpando umene kulibe. Thupi likatsamira pa zidendene, nsonga zakutsogolo za ski zimapepuka n'kusiya kugwira chipale, basi chiwongolero chapita. Woopa liwiro uja ndiye amawapitirira anzake onse, akuitana amayi ake.

Jombo za ski anazipanga dala zopendekera kutsogolo. Msongolo uyenera kukanikiza kutsogolo kwa jomboyo, akakolo ndi mawondo zitapindika pang'ono, manja ali kutsogolo pooneka. Mphunzitsi akamafunsa ngati misongolo yanu ikukhudza jombo, sikuti akukuderani nkhawa, akufuna adziwe kumene mwasiya thupi lanu.

Ndiye kuchikamwini kumeneku kuli malamulo ena oti ukawamva umayamba wayang'ana ngati mphunzitsiyo sanalawe. Ukafuna kukhotera kumanzere, ponda kwambiri mwendo wakumanja. Ukamadutsa chopingasa mtsetse, mtima umati kumbatira phiri, ndiye mbale wako. Mphunzitsi akuti ayi, ika thupi pa ski yakumunsi, yoyang'ana kuchigwa. Ukamvera mtima, ski yakumunsiyo imapepuka, m'mphepete mwake mwachitsulo simulumanso chipale, ndipo chiuno chimakapereka moni pansi.

Poimira amakuphunzitsa kusonkhanitsa nsonga za ski kutsogolo n'kutambasula zidendene. Ana amangowauza kuti apange pizza, iwo n'kupanga, n'kuima. Wazaka zinayi amatha zimenezi bambo ake akadafunsa chifukwa chake. N'zomveka: mwana akagwa sagwa kuchokera kutali, ndiponso alibe omulemekeza oti amuone.

Nkhani ya ulemuyi si yoseketsa kwenikweni. Ku Vermont, m'dziko la America, ofufuza Robert Johnson ndi Carl Ettlinger anayamba mu 1972 kulemba za ovulala pa phiri la Sugarbush, ndipo pamodzi ndi Jasper Shealy anapeza mmene mtsempha wam'kati mwa bondo, uja madokotala amautcha ACL, umadukira kawirikawiri. Munthu wagwera m'mbuyo, chiuno chatsika kuposa mawondo, koma akulimbana kuti adzuke matabwa akadali kuyenda. Mchira wa ski umagwira chipale n'kupotokola bondo, pomwe zomangira zija, zimene zimamasuka bwino pofuna kuteteza fupa la msongolo, nthawi zambiri sizimva kanthu. Malangizo awo ndi akuti ukagwa, igwa ndithu: manja kutsogolo, mapazi pamodzi, usadzuke mpaka utaima. Mkamwini wofuna kuonetsa apongozi kuti sanagwe, anangokhala pansi mwadala, ndi amene amatsika phiri atagona pa machira.

Abale athu a ku Johannesburg amene mtima wawo wadyokoka safunika kukafika ku Austria. Ku Lesotho kuli Afriski, m'mapiri a Maluti, pamalo okwera mamita pafupifupi 3,000, ndipo amasewera kuyambira June mpaka August. Chipale chikachepa amapopera cha makina. Chimaterera chimodzimodzi, ndipo anzanu amene mwapita nawo sadzakudzutsani asanamalize kujambula.