Dzanja lamanja la Amayi

Ndine ndinawamwetsa Amayi aspirin m'mawa umene anagwa. Kwathu ku Lulimile, mumzinda wa Lichinga, palibe anandifunsapo za zimenezi, koma ine zandilemera.

Unali mwezi wa June, pamene kuzizira kwa Lichinga kumalowa mpaka m'mafupa. Amayi ankasonkha moto pambaula, ine ndinangomva poto kuti phofo! Ndinawapeza atatsamira khoma, kukamwa kutapotoka, dzanja lamanja lili lende. "Amayi, mwatani?" Anayankha, koma lilime linali litalemera. Ndinawagoneka pamkeka, kuwafunditsa bulangete, kuwathowa ndi madzi otentha. Ndinali nditamvapo kuti aspirin amathandiza magazi akaundana, ndiye ndinaphwanyira mapiritsi pasupuni n'kuwamwetsa. Anatsamwa, madzi akuchucha m'mbali mwa kamwa, ine n'kumaumirizabe. Kuchipatala tinanyamuka dzuwa litapendeka, chifukwa ndinadikira kuti achimwene aweruke kaye kuntchito.

Adokotala atamva zimene ndinachita anandiyang'ana nthawi yaitali. Sitiroko ili pawiri, anatero. Ina mtsempha wa mu ubongo umatsekeka, ina umaphulika magazi n'kukhuthukira m'mutu, ndipo ndi maso okha sungasiyanitse. Aspirin amathandiza yoyambayo, koma yachiwiriyo amaiwonjezera. Ku Mozambique kuno yophulikayo si yachilendo: Albertino Damasceno ndi anzake atawerenga odwala sitiroko m'zipatala za Maputo mu 2005 ndi 2006, anapeza kuti pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse inali yotaya magazi. Ndiponso munthu amene akulephera kumeza samwetsedwa kanthu, chifukwa madzi amasochera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Pamene tinadzapeza mwayi wojambulitsa mutu pa makina a CT, ndinaimirira miyendo ikunjenjemera. Magazi otayika amaoneka oyera pa chithunzicho. Oyera panalibe. Panali chigamba chakuda kumanzere, mbali imene imalamulira dzanja lamanja ndi kuyankhula. Aspirin wanga sanawaphe, koma maola ndinataya aja sanabwerere. Mankhwala osungunula magazi oundana, alteplase, amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka.

Chifukwa chimene nthawi imafunikira chotere asayansi anachiona koyamba pa zinyama. M'zaka za m'ma 1970, gulu la Lindsay Symon ku London linkatseka mtsempha wa mu ubongo wa anyani, n'kupeza kuti pakati pa malo osowa magaziwo pamafa msanga, koma m'mbali mwake ubongo umangokhala chete, usanafe, ndipo magazi akabwerera umadzuka. Mu 1990 Michael Moseley ku San Francisco anajambula amphaka ndi njira yatsopano ya MRI yotsata kayendedwe ka madzi mu ubongo, ndipo malo ovulala anaoneka ola lisanathe, pamene zithunzi zakale zinkafuna maola angapo. M'mbali mongokhala chete muja ndimo munkafa pang'onopang'ono mu ubongo wa Amayi, ine ndikutenthetsa madzi othowera.

Atatuluka m'chipatala, ndinalumbira kuti Amayi sadzavutikanso. Ndinkawadyetsa phala, kuwamangira chitenje, kuwasukusula, ngakhale kuwanyamulira kapu. Akati atambasule dzanja lodwalalo, ndinkalibweza pamiyendo. "Lekani, Amayi, ine ndilipo." Anansi ankandiyamikira kuti ndine mwana wabwino, ine n'kumamva kuti ndikulipira ngongole. Dzanja lija linayamba kupindikira pachifuwa, zala zitafumbata.

Mayi wina wophunzitsa mafizo ndiye anadzandiimitsa. Anaona ndikuthamangira supuni, anati, "Achimwene, khalani pansi. Dzanja ili mukulipha ndinu." Zinandiwawa kwambiri, koma ananena zoona, ndipo anandifotokozera za apusi. Mu 1996 Randolph Nudo ku America anavulaza kachigawo kakang'ono ka ubongo kolamulira dzanja mwa tiapusi ta ku South America, kenako n'kuyeza ubongowo ndi timawaya kuti aone malo oyendetsa zala. Mwa apusi amene anangosiyidwa, malo oyandikana ndi bala, amene sanavulale n'komwe, anasiya kutumikira dzanja. Ena anawatchinga dzanja labwino n'kumawaphunzitsa kutola tizakudya m'timaenje ndi dzanja lodwala. Mwa amenewa malo aja sanatayike, ndipo mwa ena anakula mpaka kulowa m'chigawo cha chigongono ndi phewa. Zinyama zimenezi zinazunzika kuti ife tidziwe izi, ndipo sinditha kuzitenga mopepuka.

Mayiyo anatinso ubongo umaphunzira msanga m'miyezi yoyambirira sitiroko itachitika. Miyezi imeneyo ndinali nditaithera kale pa kuwadyetsa.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimathira nyemba m'lichero, Amayi n'kumatola imodzi imodzi kuponya m'mbale ndi dzanja lamanja. Zambiri zimagwera pansi. Amakwiya, nthawi zina amalira, amvekere, "Iwe, bwanji ukungondiyang'ana?" Ine ndimakhalira manja anga kuti ndisawathandize, ndipo chimenechi ndicho chimandivuta kuposa zonse. Supuni ayamba kugwira okha, mbamu ya nsima akuumba ngakhale imaphwanyika. Singano, imene ankasokera zovala za ana apasukulu, sanaigwirebe. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, amene kale ankasiya akamva bwino, ndimawawerengera ndekha madzulo alionse, ndipo achimwene nawonso ndawakakamiza kukayezetsa, chifukwa bambo athu aang'ono anapita ndi matenda omwewa.